Zatsopano za IBM i 7.5 ndi 7.6: zimene ndimayamba kuyang'ana tisanasinthe

IBM ikatulutsa mtundu watsopano wa IBM i, pulogalamu yaikulu yoyendetsera maseva a Power amene ambiri a ife timawatchulabe kuti AS/400, chimene chimafika msanga pa desiki la mabwana ndi chikalata cholengeza zatsopano, ndipo chikalata chimenecho chimatsogoza zinthu zikuluzikulu zimene kampaniyo ikufuna kuti zikambidwe m'misonkhano. Ine amene ntchito yanga ndi kusamalira makina amenewa ndiponso kulangiza kampani yathu ngati nthawi yosintha yakwana, ndimayamba ndi chikalata china chotchedwa Memo to Users, chimene chimatuluka limodzi ndi mtundu uliwonse watsopano. Chikalata chimenechi sichitamanda kanthu ndipo sichikoma kuwerenga, chifukwa chimangondandalika malamulo, mauthenga ndi makonzedwe amene asiya kuchita monga ankachitira kale. Komabe m'menemo ndi mmene mumakhala nkhani imene idzafike kwa kalaliki wa mu ofesi yowerengera ndalama Lolemba m'mawa, makina akangodzuka ndi mtundu watsopano.

Maganizo anga ndi akuti zatsopano za pulogalamu yotereyi zili m'magulu awiri amene kulemera kwake si kofanana. Pali zimene zimadikira kuti mwini makina azitsegule yekha, ndipo zimenezi zikhoza kukhala zaka zambiri osakhudzidwa popanda kuvulaza aliyense. Pali zina zimene zimalowa osaodira n'kusintha khalidwe la makina tsiku lomwelo, kaya munaziwerenga kaya simunaziwerenge. Nthawi yochuluka ya kuyesa iyenera kupita ku gulu lachiwirili, ngakhale kuti gulu loyamba ndi limene limasangalatsa kufotokoza.

Kuti zimveke chifukwa chake gulu lachiwirili limatidzidzimutsa ife kuposa anzathu a Windows kapena Linux, m'pofunika kukumbukira kumene makinawa achokera. AS/400 inalengezedwa mu June 1988, itakonzedwa ku Rochester m'chigawo cha Minnesota kuti ilowe m'malo mwa System/36 ndi System/38, ndipo pulogalamu yake yaikulu inkatchedwa OS/400. Dzinalo linasintha kukhala i5/OS mu 2004, kenako IBM i mu 2008. Akatswiri amene anaikonza, amene wodziwika kwambiri mwa iwo ndi Frank Soltis, anaika gawo lapakati lotchedwa TIMI pakati pa mapulogalamu ndi purosesa, kotero kuti pulogalamu ya kampani silankhula mwachindunji ndi purosesa. N'chifukwa chake mu 1995, pamene IBM inachoka pa mapurosesa akale a ma bit 48 n'kupita pa a PowerPC a ma bit 64, makampani ambiri anasamutsa mapulogalamu awo popanda kuwalembanso. Mpaka lero pali mapulogalamu a chilankhulo cha makompyuta cha RPG olembedwa m'zaka za m'ma 1990 amene akuwerengerabe katundu ndi malipiro, eni ake amene anawalemba atapuma kalekale pa ntchito. Kudalirika kumeneku n'kumene kunatigonetsa tulo, moti tinazolowera kuganiza kuti kusintha mtundu ndi ntchito ya usiku umodzi imene sikhudza munthu aliyense.

Palinso china chimene chinasintha kuyambira pa 7.1 mu 2010. IBM inayamba kutulutsa zowonjezera zotchedwa Technology Refresh, kawirikawiri kawiri pa chaka, zimene zimabwera ngati ma PTF, timapaketi tokonzera pulogalamu, ndipo nthawi zambiri zimaperekedwa ku mitundu iwiri yomalizira nthawi imodzi. Zimenezi zikutanthauza kuti zinthu zambiri zabwino, monga ntchito zatsopano za SQL, chilankhulo chofunsira detabesi, za mu laibulale ya QSYS2, zimafika kwa munthu ngakhale asanasinthe mtundu. Zimene zimasungidwira mtundu watsopano weniweni ndi zija zimene sizingaperekedwe mwakachetechete chifukwa zimasintha khalidwe la makina kapena zimakhudza maziko ake. Choncho nambala ikachoka pa 7.4 kupita pa 7.5, munthu ayenera kuyembekezera kuti zosintha zosaodira zija zaunjikidwa pamenepo.

Mtundu wa 7.5 unatuluka mu May 2022, ndipo zambiri zimene unasintha ndi za chitetezo. Chitsanzo chimene ndimakonda kupereka ndi lamulo la CRTUSRPRF, limene timapangira akaunti ya munthu watsopano. Kuyambira kalekale, munthu akalemba lamuloli osatchula pasiwedi, makina ankaika pasiwedi yofanana ndi dzina la akauntiyo, kotero kuti aliyense wodziwa dzina la mnzake ankatha kulowa ngati mwini wakeyo sanaisinthe. Vutoli linali lodziwika moti pali lamulo lapadera, ANZDFTPWD, longofufuzira maakaunti otere. Mu 7.5, ukapanda kutchula pasiwedi akaunti imabadwa ndi *NONE, kutanthauza kuti palibe amene angalowe nayo mpaka wina aipatse pasiwedi yakeyake. Kusinthaku n'koyenera ndipo kunachedwa ndithu. Koma pa makina athu oyesera, kapulogalamu ka CL (chilankhulo cha malamulo a makinawa) kamene a ofesi yoona za antchito amalembetsera wantchito watsopano kanayenda bwinobwino, kanapanga akaunti, kanasindikiza kapepala kouza munthu kuti alembe dzina lake m'madanga onse awiri, ndipo amene ankayesayo anakanidwa pakhomo. Mu job log, kaundula wa zimene ntchitoyo inachita, munalibe uthenga uliwonse wa vuto, chifukwa kwa makinawo palibe chimene chinalakwika. Kukonza kwake kunali kwa mzere umodzi, koma mzerewo sukanapezeka msanga tikanakumana nawo koyamba pa makina enieni, antchito atsopano atafola pa ofesi kudikira kuti ayambe ntchito.

Chofanana ndi chimenechi ndi uthenga wa pa sikirini yolowera. Kale sikirini yobiriwira ya 5250 inkauza munthu mosabisa ngati walakwitsa dzina kapena walakwitsa pasiwedi, zimene zinkathandiza wakuba kudziwa kuti dzina limene wayesa lilipodi. Tsopano uthenga ndi umodzi pa zolakwika zonse ziwiri. Amene amamva kusinthaku ndi anzathu olandira mafoni a anthu okanika kulowa, amene funso lawo loyamba linali lakuti makina akunena chiyani, ndipo yankho linkawauza pomwepo chochita. Zimene akufunazo zikupezekabe mu QAUDJRN, kaundula wa zochitika za chitetezo, m'zolembedwa za mtundu wa PW, zimene zimasiyanitsa dzina lolakwika ndi pasiwedi yolakwika, koma zimafunika kuti kulemba zimenezo kukhale kotsegula ndiponso kuti wolandira mafoniyo apatsidwe njira yoonera. Ife tinawakonzera kafunso ka SQL kamene kamaonetsa zolephera za tsiku limenelo, ndipo ntchito imeneyi sinalembedwe m'chikalata chilichonse cholengeza zatsopano.

Pa nkhani ya QSECURITY, makonzedwe a mlingo wa chitetezo cha makina onse, mtundu wa 7.5 sulolanso munthu kuika makina pa mlingo 20, mlingo umene akaunti iliyonse yatsopano inkapatsidwa mphamvu ya *ALLOBJ yokhudza chilichonse chili m'makinamo. Makina amene ali kale pa 20 amakhalabe pomwepo akasinthidwa mtundu, koma akachokapo sangabwerereponso. Ife tili pa 40, choncho sindinachedwepo, kupatula kukumbutsa aliyense amene ali pa 20 kuti aganizire za tsiku limene adzafunike kubwezeretsa zonse pa makina ena atsopano. Chimene chinandichedwetsa ndi kuchepetsedwa kwa mphamvu ya *PUBLIC, ndiye kuti ya aliyense amene sanapatsidwe mphamvu yakeyake, pa zinthu zambiri zimene IBM imabweretsa yokha, kuchoka pa *CHANGE, yolola kusintha, kufika pa *USE, yolola kugwiritsa ntchito kokha. Pulogalamu yogulidwa kwa kampani ina imene inazolowera kulemba penapake pamene aliyense ankaloledwa kulemba ikhoza kuima mwadzidzidzi, ndipo imaima pa ntchito imene imachitika kamodzi pa mwezi kapena pa chaka. Apa ndi pamene chida cha authority collection chimaonetsa phindu lake. Chinabwera mu 7.3 mu 2016 chikutsatira munthu mmodzimmodzi, ndipo mu 7.4 mu 2019 chinayamba kutsatiranso chinthu chimodzichimodzi, kotero kuti munthu akhoza kuona mphamvu imene ntchito inafunadi poyerekeza ndi imene inapatsidwa. N'zochititsa chidwi kuti chida chimene chinandithandiza kwambiri kuyesa 7.5 ndi cha gulu loyamba lija, chimene chinakhala m'makina mwathu zaka zingapo chisanatsegulidwe.

Chatsopano cha 7.5 chimene ndikuchiona kuti n'cholemera kuposa zonse ndi mlingo 4 wa QPWDLVL, makonzedwe a mmene makina amalandirira ndi kusungira pasiwedi, ngakhale kuti ichi sichilowa chokha. Pa milingo 0 ndi 1 pasiwedi sipitirira zilembo 10 ndipo sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Pa milingo 2 ndi 3 ikhoza kufika zilembo 128 ndipo imasiyanitsa. Mlingo 4 umasunga kutalika komweko koma umabisa pasiwedi ndi njira ya PBKDF2 pamodzi ndi SHA-512, imene imachedwetsa dala munthu amene waba zobisidwazo n'kumayesa kuzimasula pa kompyuta yake. Kusintha mlingo kumafuna IPL, ndiye kuti kuzimitsa ndi kudzutsanso makina, ndipo sikuchitika modumpha. Makina amayenera kukhala kaye pa mlingo 2 kapena 3 kwa kanthawi, kuti munthu aliyense akalowa kapena akasintha pasiwedi makinawo amupangirenso ina yogwira pa mlingo 4. Lamulo la PRTUSRPRF limatha kusindikiza lipoti loonetsa maakaunti amene ali okonzeka ndi amene sali okonzeka.

Lipoti limenelo ndi limene limaulula zobisika za kampani. Anthu enieni amalowa tsiku ndi tsiku, choncho maakaunti awo amakonzeka okha pasanapite nthawi. Otsalira ndi maakaunti a ntchito, monga imene imakokera deta ku Excel ya a zachuma, imene makina osindikizira malebulo a m'nyumba yosungira katundu amalowera, imene seva ina imatumizira mafayilo usiku, ndi ina imene palibe amene akukumbukira ntchito yake koma aliyense akuopa kuifufuta. Iliyonse mwa imeneyi ili ndi pulogalamu kumbali inayo imene iyenera kudziwa kulankhula ndi mlingo watsopano. Pulogalamu yakale ya IBM i Access for Windows, imene IBM inasiya kuisamalira mu 2019 koma ikadali pa makompyuta ambiri chifukwa anthu anazolowera mabatani ake, si ya ulendo umenewu, ndipo m'malo mwake pamafunika pulogalamu yatsopano ya IBM i Access Client Solutions (ACS) ndi madalaivala atsopano a ODBC ndi JDBC olumikizira ku detabesi. Walira mvula walira matope: amene akufuna pasiwedi yolimba avomerezenso kuyendera kompyuta iliyonse ndi kachipangizo kalikonse kamene kamagogoda pa seva. Ntchitoyi si yovuta pa luso, koma imafuna kupempha nthawi kwa madipatimenti amene saona chifukwa chosinthira chinthu chimene chikugwira ntchito.

Chifukwa chimene ndimaumirira pa mlingo 4 chinaonekera bwino pamene 7.6 inatuluka mu April 2025. Chachikulu cha mtundu umenewu ndi MFA, kutsimikizira munthu ndi umboni wina kuwonjezera pa pasiwedi, yomangidwira m'kati mwa pulogalamu yaikuluyo, yogwiritsa ntchito njira ya TOTP, imene pulogalamu ya pa foni imaonetsa manambala 6 osintha pa masekondi 30 alionse. Foni ndi seva zimawerengera manambalawo payokhapayokha kuchokera pa kiyi imene zinagawana poyamba ndi pa nthawi imene wotchi ikusonyeza, choncho palibe uthenga wa SMS umene ukufunika ndipo intaneti ikaduka munthu amalowabe. Kale zimenezi zinkafuna pulogalamu yogula padera. Koma MFA ya 7.6 imafuna kuti makina akhale pa mlingo 4 wa pasiwedi ndiponso pa mlingo 40 kapena 50 wa QSECURITY, kutanthauza kuti kampani imene inanyalanyaza mlingo 4 mu 7.5 idzapeza kuti chatsopano chimene yasinthira mtundu chatsekedwa ndi ntchito yakale imene sinachitike. Pali mafunso enanso amene ndinalemba pambali: wotchi ya seva iyenera kukhala yolondola nthawi zonse, zimene zikufuna NTP yodalirika, njira yolondoletsera wotchi kudzera pa netiweki, payenera kukhala njira yothandizira munthu amene foni yake yabedwa kapena yathera moto pakati pa usiku, ndiponso payenera kugwirizanidwa ngati n'koyenera kuuza wantchito kuti aike pulogalamu ya kampani pa foni imene anagula ndi ndalama zake. Funso lomalizali si la ife a makompyuta tokha.

Palinso nkhani ya makina enieniwo, imene nthawi zambiri imathetsa mkangano usanayambe. Mtundu wa 7.4 umayenda pa Power8, 7.5 umayambira pa Power9, pamene 7.6 umayambira pa Power10 ndipo umayendanso pa Power11 imene inatuluka mu July 2025. Kampani imene ili ndi Power9 singayese n'komwe MFA yatsopanoyo isanagule kapena kubwereka seva ina, ndipo kwa kampani imene imapeza ndalama zake mu kwacha kapena randi koma n'kumagula makina ndi malaisensi pa madola, chimenechi si chosankha cha mwezi umodzi. Njira yosinthira nayonso ili ndi malire, chifukwa IBM imalola kudumpha mtundu umodzi wokha: ku 7.5 munthu amafika kuchokera ku 7.3 kapena 7.4, ndipo ku 7.6 amafika kuchokera ku 7.4 kapena 7.5. Amene akadali pa 7.3, imene chisamaliro chake chanthawi zonse chinatha pa 30 September 2023, ali ndi masitepe awiri patsogolo pake kuti afike ku 7.6.

Ku mbali ya detabesi ya Db2, imene pa makina amenewa ili m'kati mwa pulogalamu yaikulu momwemo, olemba mapulogalamu athu anakondwera kwambiri ndi mtundu wa deta wa BOOLEAN umene unabwera mu 7.5. Kwa zaka zambiri inde ndi ayi zinkasungidwa mwa njira iliyonse imene wolemba anaganiza tsiku limenelo, wina Y ndi N, wina 1 ndi 0, wina X ndi danga lopanda kanthu, ndipo kukhala ndi njira imodzi yodziwika n'kothandiza makamaka potumiza deta mu JSON. Ine ndinawaziziritsa pang'ono pa zifukwa ziwiri. BOOLEAN amapangidwa ndi SQL yokha, pamene mafayilo athu ambiri anapangidwa ndi DDS, njira yakale yofotokozera kapangidwe ka fayilo. Komanso kusintha kapena kuwonjezera danga m'fayilo imene ilipo kale kumasintha chizindikiro cha kapangidwe kake, ndipo pulogalamu iliyonse ya RPG imene imatsegula fayiloyo mwa njira yakale imaima ndi uthenga wa CPF4131 mpaka itamangidwanso. Aliyense amene wagwirapo makinawa amaudziwa uthenga umenewu. Choncho tinagwirizana kuti BOOLEAN azigwiritsidwa ntchito m'matebulo atsopano okha, ndipo akale asiyidwe mmene alili. Kukula kwa index kufika pa 16 TB, kuchoka pa 1.7 TB, ndinangokuwerenga n'kupitirira, popeza tebulo lathu lalikulu kwambiri silinayandikire n'komwe malire akale.

Kanthu kakang'ono kamene sikanatchuke koma n'kofunika kukamvetsa bwino ndi QIBM_QBASEYEAR. Pa makina amenewa, chaka cholembedwa ndi manambala awiri chimawerengedwa pakati pa 1940 ndi 2039, kotero kuti 40 amatanthauza 1940. Kale 2039 inkaoneka kutali, koma ngongole ya zaka 15 yolembedwa mu 2025 imathera mu 2040, ndipo masiku otha ntchito a mapangano aatali afika kale m'dera limenelo. Mu 7.5 munthu akhoza kusuntha malirewo kuti akhale 1970 mpaka 2069. Chenjezo ndi lakuti kusunthaku kumakhudza malamulo a makina amene amalandira deti, osati masamu amene wolemba RPG anadzilembera yekha m'pulogalamu yake zaka 25 zapitazo pokonza vuto la chaka cha 2000. Amene angauze mabwana kuti 7.5 yathetsa vuto la 2039 adzakhala atawanamiza mosadziwa. Phindu lenileni la kanthu kameneka kwa ife linali lakuti kanatikumbutsa kufufuza malo onse amene nambala 40 inalembedwa pafupi ndi deti m'mapulogalamu athu.

Kupanikiza deta ndi ZLIB posunga zinthu mu save file, fayilo yosungiramo kope la deta, ndi chatsopano chimene phindu lake limayezeka ndi wotchi ndi kukula kwa fayilo, ndipo n'chifukwa chake ndimachikonda. Pa Power10 ntchito yopanikizayo imachitidwa ndi kagawo kapadera ka m'purosesa, pamene pa Power9 imadya mphamvu ya purosesa yomwe ija imene ntchito zina zikudikira. Zotsatira zake zimadalira mtundu wa deta, choncho palibe nambala ya munthu wina imene ingalowe m'malo mwa kuyesa pa malaibulale anuanu. Ndipo kuyesako sikuthera pa kusunga: fayilo yopanikizidwayo iyenera kutumizidwa ku makina amene mudzathawireko tsiku la ngozi n'kubwezeretsedwa kumeneko, kuti zitsimikizike kuti makinawo akuidziwa njira imeneyi.

Zimene zinatsogozedwa kwambiri m'zolengeza sindinachedwe nazo. Merlin, imene inalengezedwa limodzi ndi 7.5 ndipo inakonzedwa mogwirizana ndi kampani ya ARCAD, imapatsa olemba mapulogalamu malo olembera a mu browser pamodzi ndi Git ndi Jenkins, koma imayenda pa Red Hat OpenShift, osati pa IBM i mwini. Kwa kampani ya olemba mapulogalamu ochepa, kusamalira OpenShift ndi ntchito yaikulu kuposa vuto limene Merlin ikuthetsa, makamaka pamene Visual Studio Code ndi chowonjezera chake cha Code for IBM i zikupezeka mwaulere. Vuto lenilenilo ndi lakuti ena akulembabe mu SEU, pulogalamu yakale yolembera ya pa sikirini yobiriwira, imene inasiya kuphunzitsidwa kalembedwe katsopano pa 6.1 ndipo imaona RPG yamakono ngati yolakwika. Db2 Mirror ya mu 7.4, imene imachititsa maseva awiri kugwira ntchito pa deta imodzi nthawi yomweyo kudzera m'makadi a netiweki a RoCE, ndi luso lapamwamba, koma ili ndi laisensi yakeyake, imafuna seva yachiwiri, ndipo cholinga chake ndi kampani imene singathe kuima ngakhale mphindi zochepa. Ife timatseka Lamlungu masana, ndipo maola amenewo amatikwanira.

Kayesedwe kathu n'kosavuta kufotokoza ngakhale kuti n'kotopetsa kuchita. Timasunga makina onse ndi GO SAVE nambala 21, n'kubwezeretsa zonsezo pa LPAR ina yapadera, gawo la seva loyenda ngati makina apaokha, imene yadulidwa ku netiweki ya ntchito kuti isayambe kutumiza mainvoisi kwa makasitomala enieni. Kubwezeretsako pakokha ndi mayeso oyamba, chifukwa kusintha mtundu kulibe batani lobwerera m'mbuyo, ndipo njira yokhayo yobwerera ku mtundu wakale ndi tepi imeneyo. Kenako timayendetsa chida cha IBM chofufuza zosoweka kusintha kusanayambe, timasintha mtundu kuchokera ku image catalog, timaika ma PTF onse a cumulative ndi a magulu, ndipo timalemba nthawi imene sitepe iliyonse yatenga kuti tidziwe ngati Lamlungu limodzi likwanira. Pambuyo pake timayendetsa ntchito zotsekera mwezi pa makina onse awiri ndi deta yofanana n'kuyerekeza malipoti mzere ndi mzere. Madzulo aliwonse ndimawerenga zolembedwa za mtundu wa AF mu QAUDJRN, zimene zimasonyeza pamene ntchito yakanidwa chilolezo, chifukwa mapulogalamu ena akale anaphunzitsidwa kumeza uthenga wa vuto n'kupitirira ngati palibe chachitika.

Gawo limene limachedwa kuposa onse si la makina. Kampani iliyonse imene inatigulitsa pulogalamu iyenera kutilembera kuti pulogalamu yakeyo, pa nambala imene tili nayo, ikuvomerezedwa pa mtundu watsopano, ndipo mawu a pa foni akuti ziyenera kuyenda sindiwawerengera. Imodzi mwa makampaniwo inayankha kuti tiyenera kukwera kaye pa nambala yatsopano ya pulogalamu yake, zimene zinabweretsa ntchito ina ya miyezi ndi mtengo umene sunali m'bajeti. Pamodzi ndi zimenezi pali Java imene mapulogalamu a pa intaneti amadalira, mapulogalamu aulere a mu PASE (gawo la IBM i loyendetsera mapulogalamu a Unix) amene amaikidwa ndi yum, ndi Navigator yatsopano, pulogalamu ya mu browser yoyang'anira makina, imene inalowa m'malo mwa yakale, imene oyang'anira makina ayenera kuizolowera tsiku losintha lisanafike.

Zimene ndinalembera mabwana zinali zazifupi. Ndinalangiza kuti tipite ku 7.5 pa Power9 imene tili nayo, titakonzeratu kapulogalamu kolembetsera antchito, kafunso ka olandira mafoni ndi zilolezo zimene authority collection inaonetsa. Ndinalangizanso kuti QPWDLVL ikwere kufika pa 2 mwezi wotsatira, osati usiku womwewo wa kusintha mtundu, kuti chikavuta tidziwe chimene chavutitsa, ndiponso kuti mlingo 4 udikire mpaka lipoti la PRTUSRPRF litasonyeza kuti palibe akaunti ya ntchito yotsalira. ZLIB tidzaiyesanso tikadzakhala ndi Power10 kapena Power11, BOOLEAN ndi wa matebulo atsopano okha, ndipo Merlin ndi Db2 Mirror sizili m'bajeti. Nkhani ya 7.6 ndinaiika pamodzi ndi nkhani yogula seva yatsopano, ndi pempho lakuti a ofesi yoona za antchito ayambe kukambirana za mafoni a anthu panopa.